Mapaipi a Bambo Tolegen Sarsenbayev

Malemu bambo athu aakulu, a Tolegen Sarsenbayev, anabadwa pa 9 Malichi 1938 m'mudzi wa abusa kufupi ndi Kazaly, m'banja la ana asanu. Bambo awo anapita kunkhondo mu 1942 ndipo sanabwerenso, choncho malemu anakula akuweta ngamila za boma. Iwo ankanena kuti ngamila ndi zimene zinawaphunzitsa kuti katundu wolemera sathamanga naye.

Mu 1946 anayamba sukulu, ndipo mu 1954 anapita kukaphunzira za njanji ku Aktyubinsk. Atamaliza usilikali mu 1960, anawatumiza kuno ku Toretam ngati wothandiza woyendetsa sitima. Tsiku loyamba lomwelo anawapatsa pepala kuti asaine, kulumbira kuti sadzauza munthu aliyense zimene sitimayo imanyamula, ngakhale mayi wowabala. Anthu ambiri anasaina pepala limeneli. Malemu analiwerenganso, ndipo analikhulupirira.

Anamalira, pano ndinena zimene iwo sanafune kunena. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, malemu ankayendetsa sitima yonyamula roketi kuchokera m'nyumba yolumikizira kupita nayo pabwalo loulutsira. Ankanyamuka seveni koloko m'mawa, roketi itagona chagada kumbuyoku, liwiro lake la munthu woyenda pansi. Akuluakulu a nyenyezi paphewa ankatsatira wapansi. Chinthu choti pakapita masiku awiri chizungulira dziko lonse pa ola limodzi ndi theka, chinkayamba ulendo wake motsogozedwa ndi munthu amene ankapitiriridwa ndi agalu.

Koma mukawafunsa ntchito yawo, yankho linali limodzi: “Ndimanyamula mapaipi.”

Mu Epulo 1961 munthu woyamba atapita mumlengalenga, dziko lonse linavina. Kuyambira pamenepo takhala tikukumana ndi anthu pafupifupi mazana atatu amene aliyense amati ndi iye anatseka chitseko cha chombo chimene chinanyamula munthuyo, ndipo ena mwa iwo ndikuwaona atakhala kutsogolo kuno ndi mamendulo awo. Malemu tikawafunsa ngati anali pantchito sabata imeneyo, ankangoti sakukumbuka bwino, koma kunja kunali kamphepo.

Pa 17 Ogasiti 1963 anakwatira mayi Rauza, mwana wa a Zhaksylyk, ophika buledi pasiteshoni. Ukwatiwu unatsala pang'ono kulephereka. Apongozi anafunsa kuti, “Mapaipi ake ati, mwana iwe? Zaka zitatu ukunyamula mapaipi, ife madzi tikutungabe kumtsinje!” Malemu anangoyang'ana m'kapu ya tiyi. Mayi Rauza anawakwatiwabe, koma anawauza mawu amene tonse m'banja muno timawadziwa: “Tsiku lina mudzandiuza ndi pakamwa panu, bambo inu. Za kwa aneba sindikuzifuna.”

Sikuti mayi sankadziwa. Kuno roketi ikamanyamuka mawindo amanjenjemera, makapu amavina m'kabati, nkhuku zimasiya kuikira. Malemu ankayang'ana kumwamba kopanda mtambo n'kunena kuti, “Mvula imeneyo.” Chimene mayi ankadikira n'chakuti mwamuna wawo awakhulupirire kuposa pepala. Anadikira zaka pafupifupi makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi.

Mu 1991 boma limene linawasainitsa lija linatha. Mwana wawo woyamba, a Yerlan, anawauza kuti, “Ababa, chinsinsi chanu chija akuchigulitsa pamapositikhadi.” Malemu anayankha kuti, “Amene anandipatsa pepala sanabwere kudzalitenga.” Pambuyo pake kunayamba kubwera alendo ochokera ku Amereka, ku Japan ndi kwina, kudzajambula sitima ija. Chithunzi cha malemu chinatuluka m'nyuzipepala, mutu uli pawindo, roketi yonse ikuoneka kumbuyo. Atawaonetsa, anachiyang'anitsitsa n'kunena kuti munthuyo akufanana nawodi.

Anapuma pantchito mu 1998. Pazaka zonsezo sanagwedezepo katundu wawo ngakhale kamodzi. Ulemu umene analandira ndi wotchi yapakhoma, imene imatsalira ndi mphindi khumi, ndipo malemu anakana kuti tiikonze.

Anayamba kudwala chifuwa m'nyengo yozizira yapitayi. Anagonekedwa kuchipatala ku Kyzylorda milungu itatu, kenako madokotala anatiuza kuti tibwere nawo kunyumba. Lolemba lapitali m'mawa, mayi Rauza akuwamwetsa mkaka wa ngamila, wailesi yakanema inkaonetsa sitima ikutulutsa roketi ina. Mayi anaika kapu pansi n'kufunsa, monga ankafunsira chaka ndi chaka: “Bambo a Yerlan, kodi mapaipi anu aja ndi amenewa?”

Malemu anayang'ana kuchitseko. Anapempha kuti chitsekedwe, ndi windo lomwe. Kenako anawakodola mayi kuti asendere pafupi, n'kuwanong'oneza kuti, “Akuthamanga nayo mnyamatayo. Ine sindinkatero.”

Mayi akuti zimenezo zawakwanira. Ndi iwo amene andilamula kuti ndiwerenge zonsezi pamaso panu, ndipo ati ngati alipo wa boma lakale lija amene ali ndi dandaulo, akawapeza kukhitchini.

Malemu anatisiya Lachinayi pa 14 Malichi 2019, ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi chimodzi. Asiya mayi Rauza, ana atatu, a Yerlan, a Saule ndi a Dauren, zidzukulu zisanu ndi zinayi, ndi mlongo wawo mmodzi, mayi Ulbosyn.

M'malo mwa banja, ine Nurzhan, mwana wa mng'ono wawo, ndikuthokoza a imamu, anamwino amene anawasamalira, amayi amene akhala pamoto chiyambire dzulo, anyamata amene akumba manda m'nthaka youma ndi chisanu, ndi anzawo a panjanji amene abwera opanda mendulo.

Bambo aakulu, pepala lija palibe amene anabwera kudzalitenga, ndiye ife abale anu talitenga lero. Mwamasuka. Mulungu akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.

Inu amene munyamule thupi, pempho la mayi ndi limodzi lokha. Kumanda si kutali. Musathamange nawo.