Achemwali Athu Amene Analanda Bafa

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1961, ndipo anali achitatu m'banja lathu la ana asanu. Sukulu anayamba mu 1967. Masamu ankangowamwa ngati madzi, koma madzi enieniwo ankawaopa, moti atisiya osadziwa kusambira.

Mu 1984 anamaliza maphunziro a uinjiniya, ndipo mu 1987 anakwatiwa ndi alamu athu ali apawa.

Mu 2009, akuphunzitsa ku yunivesite, anayamba ntchito imene inatiseketsa tonse: kuwerengera pa kompyuta mmene kuwala kunganyamulire uthenga pansi pa nyanja yaikulu ya mchere, kuti amisiri okonza mapaipi pansipo azilankhulana ndi anzawo a pa sitima popanda waya. Kwa zaka zisanu masamu awo ankakana. Pa kompyuta uthenga unkafika, koma m'nyanja unkathera panjira, mpaka akuluakulu anayamba kunena zothetsa ntchitoyo.

Mu 2014 malemu anatulukira vuto. Onse a pa ntchitoyo ankayesera kuwalako m'thanki ya madzi oyera ndi odekha, pomwe nyanja ndi yamchere, yamatope, yosakhazikika. Basitu bafa la kunyumba linalandidwa. Ankatseka makatani, kuthiramo mchere, mkaka ndi madzi otentha a m'ketulo kuti madzi afanane ndi a m'nyanja, n'kuwalitsa tochi uku akulemba mmene kuwalako kukunjenjemerera. Alamu anasamba m'ndowa zaka zonsezi, tiyi akumwa wopanda mkaka, osadandaula mokweza.

Malemu anayamba kudwala mtima mu Januwale 2023. Pa 2 Juni, ali m'chipatala, ophunzira awo anaimba foni ali pa sitima. Mmisiri amene anali pansi pa nyanja anamveka bwinobwino pa mtunda wa mamita 78, ndipo ntchito ija inapulumuka. Malemu anali atawerengera mamita 80. Anaseka mpaka anamwino anabwera chothamanga, kenako analamula ophunzirawo kuti asabwere kumtunda asanapeze mamita awiri otsalawo. Anatisiya pa 5 Juni, nkhope ili yowala.

Asiya amuna awo, ana atatu ndi zidzukulu zinayi. Tikuthokoza madokotala, anamwino, anansi ndi ophunzira aja, amene lero aphwanya lamulo n'kubwera kudzawaperekeza. Alamu, bafa lija labwerera kwa inu, ngakhale tikudziwa kuti mukanakonda kusambabe m'ndowa.

Achemwali, mwagwira ntchito. Mzimu wanu uuse mumtendere.