Kampopi ka Pansi pa Kachitini

Ine, Lemson Kamwendo, wa zaka 68, wobadwira ku Makokoba, wokhala ku Mpopoma muno mu Bulawayo, amene makolo anga anachokera ku Ntcheu m'dziko la Malawi, makaniko wopuma ntchito, ndikunena izi mosakakamizidwa lero Lolemba pa 16 Sepitembala 2024. Ndapempha kuti zilembedwe m'Chichewa chifukwa nkhani yonse yagona pa liwu limodzi, ndipo likalowa m'chilankhulo china silioneka. Ndabwera chifukwa cha Ezra Chikopa amene mwamutsekera m'chitokosi chanu pomuganizira kuti anawononga dala galimoto ya mwana wanga.

Sibusiso Kamwendo, wa zaka 33, anali mwana wanga wachisamba. Garaja ya kuseri kwa nyumba yanga ndinamusiyira iye manja anga atayamba kunjenjemera. Anali ndi galimoto yakale ya mtundu umene anyamata kuno amati gusheshe, ndipo Loweruka amakazungulira nayo pabwalo, kutentha matayala anthu akukuwa. Masewerawo ine sindinawakondepo, koma injini yake tinamanga limodzi.

Injini yotere ikamalira kwambiri imapuma nthunzi ya oyilo. Nthunziyo ikabwerera mu injini imadetsa mapulagi, galimoto n'kumatsokomola. Ndiye chaka chatha tinaikamo kachitini kogwira oyiloyo, kamene anyamata amakatcha kechikeni. Kali ndi mapaipi awiri pamwamba, ndi kampopi kakang'ono pansi kokhutulira zimene zadikhamo. Malo m'boneti ndi ochepa, choncho kanakhala mbali imene kumadutsa ekizozi, paipi yotulutsa utsi. Kachitiniko kakamangidwa, kampopiko sikaoneka. Umachita kukapapasa ndi chala.

Ezra, wa zaka 39, ndi mwana wa msuweni wanga. Anafika kuchokera ku Lilongwe mu Julayi, ali pa ulendo wa ku Joni, koma ine ndinamugwira kuti ayambe wathandiza pa garaja. Ndi makaniko weniweni, koma wa maminibasi. Kachitini kotere anali asanakagwirepo. Chindebele sadziwa, kupatula moni ndi kugula buledi. Sibusiso naye Chichewa ankamva chonse, koma poyankhula ankachisakaniza ndi Chindebele cha malemu mayi ake mpaka osadziwa pamene china chathera. Ezra ankamuseka tsiku ndi tsiku, iye n'kumabwezera, ndipo ankadyera mbale imodzi.

Lachinayi sabata yatha awiriwa anakangana, zimenezo n'zoona. Ezra anaona kuti chitseko cha dalaivala chikuvuta kutseguka ndipo anati achikonze asanapite kubwalo. Sibusiso anati nthawi palibe. Ezra anakweza mawu nati, "Galimoto imeneyi idzakupha, Sibu." Mpongozi wanga Nobuhle, mkazi wa Sibusiso, anali kuyanika zovala pafupi ndipo anamva. Mawuwo ndi amene wakuuzani. Sananame. Koma ine ndinalipo, ndipo munthu woopseza mnzake sayankhula atagwira chitseko chimene akufuna kumukonzera.

Loweruka pa 14, cha m'ma 9 koloko m'mawa, ndinali pampando wanga pakhomo la garaja, mamita atatu kuchokera pa galimotoyo. Sibusiso anamasula yekha kachitiniko, anatsekula kampopi ka pansi, nakhutulira oyilo wakuda wosakanikirana ndi madzi m'chidebe. Kenako foni yake inalira, anali anthu a matayala ku tawuni. Anapatsira Ezra kachitiniko kuti akatsuke ndi petulo, nanena akuthamangira kombi, minibasi ya kuno, akumutchula bhudi, ndiye kuti achimwene:

"Bhudi Ezra, mukamaliza kutsuka mukavale bwino kameneko."

Ezra anakakweza m'mwamba akuseka. "Ndikavale? Kasanduka chipewa kodi?"

"Yebo, vala! Musaiwale!" Anatero Sibusiso ali kale pageti.

Ezra anakaika pamutu pake n'kuyenda ngati msilikali. Ine ndinaseka mpaka kutsokomola. Lembani zimenezo, bwana, kuti ndinaseka.

Inu mukudziwa kuti m'Chindebele kuvala ndi kutseka. M'Chichewa kuvala ndi kwa malaya ndi nsapato. Ine ndakulira m'zilankhulo zonse ziwiri, khutu langa silisankhanso. Ndinamva kuti atseke kampopi, ndipo kuseka kwa Ezra ndinakutenga ngati chipongwe chawo cha masiku onse. Ndinamuona akutsuka kachitiniko, akukaumitsa padzuwa, akukabwezera pamalo pake. Anamanga mabauti awiri, analumikiza mapaipi, anakagwedeza kuona ngati kalimba. Pansi sanapisepo dzanja. Sibusiso atabwera ndi matayala anafunsa, "Mwavala, bhudi?" Ezra anati, "Kavala, bwana wanga, kaoneni katchena." Sibusiso anatseka boneti.

Cha m'ma 3 koloko masana tinali pabwalo la fumbi la kumapeto kwa Mpopoma kumene amazungulirako. Anthu anali ambiri. Ine ndinakhala pa kreti, Ezra ataima pambali panga, Nobuhle ali tsidya lina ndi anzake. Sibusiso analowa wachitatu. Anazungulira bwinobwino poyamba, injini ikulira mpaka kuimva m'mano. Kenako ndinaona utsi wabuluu ukutuluka m'mbali mwa boneti. Utsi wa matayala ndi woyera ndipo umachokera kumbuyo. Ndinaimirira n'kukweza ndodo yanga, kukuwa kuti azimitse, koma anthu ankaombera m'manja poganiza kuti ndi mbali ya masewera.

Moto unatulukira pansi pa boneti n'kukwera pagalasi lakutsogolo. Galimoto inasiya kuzungulira, inalunjika n'kukagunda khoma la ngalande, mamita ngati makumi awiri kuchokera pamene tinali. Paipi ya petulo iyenera kuti inaduka pamenepo, chifukwa motowo unakula kamodzin'kamodzi. Anthu anathawa. Ezra yekha ndiye anathamangira kumotoko. Chitseko cha dalaivala chinakana. Anazungulira mbali inayo, analowa mpaka m'chiuno, namukoka Sibusiso potulukira. Malaya a onse awiri anali akuyaka. Anyamata ena anawathira mchenga, ndipo tinawanyamula pa bakki, galimoto yapikapu, ya munthu wina kupita nawo kuchipatala.

Achipatala anamumanga Ezra mabandeji manja onse mpaka m'zigongono n'kumutulutsa madzulo omwewo. Sibusiso anamugoneka. Nkhope yake sindinaizindikire.

Lamulungu m'mawa apolisi awiri anabwera kunyumba. Anati aona galimotoyo ndipo apeza kampopi ka kachitini kali kotsekula, oyilo yense ankadonthera pa ekizozi yotentha. Anafunsa amene anagwira kachitiniko komaliza. Nobuhle analoza Ezra akulira, nanena za mawu a Lachinayi aja. Ezra sanamve Chindebele chimene ankayankhula, ndiye ine ndinamumasulira. Anandiyang'ana nati:

"Amalume, kampopi kake kati? Iye anati ndikavale. Ndinaganiza kuti akuti ndikaveke pa galimoto, paja Chichewa chake mukuchidziwa. Ndinakaveka."

Ndinakhala pansi pa sitepe. Pamene ndinkati ndifotokoze, apolisiwo anali atamukweza kale m'galimoto. Unyolo sanamumange chifukwa panalibe pomanga.

Nobuhle sindikumuda. Ali ndi mwana wa miyezi isanu ndi iwiri kumsana, ndipo mtima ukasweka umafuna munthu woti umuloze chala. Koma ndikukana kuti Ezra anachita dala. Anauzidwa liwu, analimva m'chilankhulo cha kwawo, nachita chimene anamva ndi manja ake onse. Mwana wanga naye ananena zoona m'chilankhulo cha mayi ake. Pa anthu atatu amene tinali pa garaja paja, amene ankadziwa matanthauzo onse awiri ndi ine, ndipo ngati lamulo likufuna munthu, yambani mwafunsa ine. Ngati mukufuna umboni wina, itanani Mmalawi aliyense wongofika kumene pa renki ya mabasi, mumupatse botolo, mumuuze kuti vala, muone ngati atseke.

Sibusiso wamwalira lero m'mawa cha m'ma 6 koloko. Ndinali naye. Sanayankhule chilichonse kuyambira Loweruka. Mtima wanga ukuwawa moti sindikudziwa kuti ndafika bwanji pano, koma kunyumba anthu ayamba kale kusonkhana ndipo ena akutchula dzina la Ezra moipa. Sindingaike mwana mmodzi m'manda wina ali m'chitokosi pa mlandu wa liwu.

Wapolisi wa pakauntala wandiuza kuti Ezra sakudya, ndipo aliyense wodutsa pakhomo la chitokosi akumufunsa ngati Sibu watsitsimuka. Ndiye kuti simunamuuze. Ndikupempha kuti musamuuze inu. Mundilole ndilowe ndikamuuze ndekha, m'Chichewa, pang'onopang'ono, kuti ichi chokha asachimve molakwa.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi, ndipo andiwerengera ndavomera kuti ndi mawu anga.

Wopereka umboni: Lemson Kamwendo ______________________

Wolemba umboni: ______________________