Thobwa limene anandiletsa kulawa

Apongozi anga malemu anandichenjeza ndili mtsikana: "Chimene ukupatsa mlendo, yamba walawa iye akuona." Moni nonse amene mumawerenga mauthenga anga, amayi anzanga a mumpingo ndi ena amene sindikudziwani. Ndine gogo wa kuno ku Nsaru amene chaka chatha ndinatchedwa mfiti chifukwa cha thobwa.

Bungwe lina la alangizi a zaulimi linachitira kuno msonkhano wake wapachaka. A komiti yokonza phwando lotsekera msonkhano anandifuna chifukwa ndimaphika m'maukwati. Ndinaphika mpunga, nyemba, nyama ya mbuzi ndi thobwa. Nkhuku zokazinga anabwera nazo okha kuchokera m'tauni, ndipo zinaswera m'galimoto yotseka, padzuwa. Ndinaona ine, maso angawa saphonya kanthu.

Nthawi ya chakudya itakwana ndinatenga kapu kuti ndilawe thobwa pamaso pa alendo. Mayi wapampando wa komiti anandigwira dzanja. "Agogo, zakumudzi zimenezo pano ayi. Aliyense adzigawira yekha. Inu kakhaleni kukhitchini, mabwana asakuoneni."

Kukhitchiniko kunali Esinati, mkazi wa tenanti wa pa esiteti ya fodya, wochokera ku Mulanje, amene anamulemba ganyu yotsuka mbale. Sindinamukhulupirire ngakhale pang'ono. Ndinamuona akuthira thobwa m'chigubu, mpunga ndi ndiwo m'majumbo, n'kubisa kuseri kwa nkhuni. Mumtima ndinati mawa ndikamunenera ameneyu.

M'mawa mwake alendo ambiri anadzuka akutsekula m'mimba, ena mpaka kuchipatala. A komiti sanachedwe: "Ndi thobwa la agogo aja. Nanga bwanji iwo sanamweko?" Wondiletsa kulawa ndi yemweyo ankafunsa, eti! Mawuwo anafika m'mudzi ine ndisanafike. Anyamata amene ndinkawabereka kumbuyo ali makanda anaswa mazenera anga ndi miyala. Mdzukulu wanga anamuthamangitsa pamjigo ndowa ili yopanda madzi. Amayi amene ndimayimba nawo kwaya anayamba kulambalala pakhomo panga, ndipo kunamveka kuti nyumbayo aiyatsa. Ndinagwada pakati pa magalasi osweka n'kunena kuti, Ambuye, mboni ndilibe, ngati mwanditaya ndiuzeni ndidziwe.

A komiti anandiitana kuholo komwe kunachitikira phwando lija, pamaso pa apolisi ndi khamu la anthu. Ndikuyankha mafunso, pakhomo panatulukira Esinati, ana ake pambuyo, chigubu chopanda kanthu m'manja.

"Ine ndinaba," anatero. "Thobwa, mpunga, nyemba, mbuzi. Ana anga adya n'kumwa zonse, si awa akudumphawa? Nkhuku zanu zokha ndinazisiya, zimanunkha. Olo wakuba sabera ana ake chowola."

Anthu anaseka, ine sindinaseke. Mayi wapampando anangowerama n'kumasisita foni. Pamapeto anati panali kusamvetsetsana. Kusamvetsetsana! Mawu oti pepani sindinawamve, kwa iwo kapena kwa oponya miyala aja. Esinati anthu anamunyoza kuti ndi wakuba, ndipo palibenso amene amamuitana pa ganyu ya phwando. Chaka chino msonkhano wawo akachitira kuhotela, kumene kulibe nkhalamba yoti aikankhire mlandu.

Komabe ndikuthokoza Mulungu. Sanatume m'busa, sanatume wachibale, anatuma munthu amene ine ndinkafuna kukamunenera. Nyumba yanga ilipo, mdzukulu akutunganso madzi. Inu amene mukunamiziridwa, limbikani, musaleke kupemphera, mboni yanu mwina ndi amene mukumuyang'ana ndi diso loipa. Kunena zoona anthu sindiwakhulupirirabe. Esinati akabwera ndimamugawira ndi manja anga, koma maso amakhala pa jumbo lake, ndipo iye amadziwa, amangoseka.

Chopempha changa n'chimodzi. Oyandikana nawo ndi omwe aja, ndipo ine ndakalamba. Mukamadutsa pa Nsaru patukani mudzandione ngati ndadzuka. Simusochera, ndi nyumba ya makatoni m'mazenera. Thobwa mudzalipeza, ndipo woyamba kumwa ndidzakhala ine, inu mukuona.