Chaka chimene kompyuta inandipeza m'midzi iwiri

Chaka chimene makuponi a pepala anatha, iwe Tadala ukadali kumsana, tinamva kuti mayina athu tonse alowa m'kompyuta. Pitirizani kusoka fodyayo, makutu okha ndiwo ndikufuna. Kale kuponi inali kapepala, ukaisunga m'thumba n'kuvumbwa ndi mvula ndiye kuti feteleza wapita, koma tsopano ankati ungobwera ndi chiphaso chaunzika, makina akudziwa okha.

Ndinapalasa njinga kuchokera kuno ku Lisasadzi kupita kumene ankagulitsa fetelezayo, ndipo kalaliki atangoonetsa chiphasocho ku makina, dzina langa linatulukira pomwepo, mudzi, ngakhale matumba amene ndiyenera kulandira. Ana inu simudabwa nazo chifukwa mwabadwira m'mafoni, koma ine ndinaseka ndekha ngati mwana. Ndinafunsa kuti kodi zonsezi zimakhala m'kabokosi kameneka, iye nati ayi, zimasungidwa kutali, munthu aliyense mzere wake.

Kenaka nkhope yake inasintha.

"Bambo, inu muli pawiri. Lisasadzi, komanso Kaomba."

Mukudziwa kuti kuno ndine mkamwini, ndinatsatira amayi anu. Koma agogo anu ku Kaomba, amayi anga, anali atandilembetsanso kwathu ndi nambala ya chiphaso changa, poti kwa iwo mwana sachoka pamudzi.

"Makinawa amadziwa munthu mmodzi, mudzi umodzi," anatero kalalikiyo. "Mapanga awiri avumbwitsa. Kakonzetseni ku Boma, apo ayi chaka chino mulima popanda."

Mvula inali itayamba kale, chimanga chikumera, ndipo munda unali kuno. Komabe ndinaopa kufufutitsa Kaomba amayi osadziwa, choncho ndinayamba ndapita kukawauza. Ndinawapeza akupalira.

"Ndiye akufuna ndikukane?" anandifunsa. "Anakubereka ndi makinawo?"

Anapalira mzere wonse osandiyang'ana, kenaka anati, "Pita kafufutitse, adzukulu anga asagone ndi njala. Koma maliro akagwa kuno, usadzandiuze za kompyuta."

Ndinakafufutitsa ku Boma, matumba aja tinalandira mochedwa, koma chimanga chinabereka, ndipo thumba loyamba ndinakatula ku Kaomba.

Masiku ano chilichonse akuti chili m'makina, sukulu, chipatala, fodya yemweyu, ndipo n'zabwino ndithu, ine zimandisangalatsa. Koma mukamadzalembetsa kanthu muzidzafunsa bwino zimene akulembani, chifukwa pamzere paja pali malo a mudzi umodzi wokha. Inu muli nayo iwiri. Sukulu ikatsekera mukakhale kwa agogo anu, akuyamba kufunsa ngati nanunso munafufutidwa.