Wapolisi Wokana Kulowa

Aaron atamwalira pa ngozi n'kuikidwa m'manda, pa msika wa Lufita panatsala mphekesera yoti pa njinga yake yamoto ankanyamula mafoni obedwa, ndipo ena akadali m'chipinda chake. Tsono m'mawa wina Konstabulo Bizwell, mnyamata wa ku Thyolo wongochoka kumene ku maphunziro a upolisi, anaima pakhomo pa a Esnart, mayi ake a malemuyo.

"Odi kuno! Monire, amama."

"Yewo, mwana wanga. Njirani. Lowani."

"Ndiyambe ndafotokoza. Ndabwera kudzachita chipikisheni m'chipinda cha malemu, koma chikalata cha khoti ndilibe. Lamulo likuti ndilowe pokhapokha eni nyumba atalola."

"Ndalola. Chitseko ndi icho. Chiikireni maliro sindinachitsegule. Sechani paliponse, anthu adziwe kuti mwana wanga sanali mbava."

Bizwell anakweza phazi, n'kulibwezanso.

"Mwalola mwa kufuna kwanu?"

"Kufuna kwa ndaninso? Mwini chipinda ali kumanda."

"Ndikutanthauza kuti mukhoza kukana."

"Kukana? Pa nyumba ya maliro? Chiuta wane! Kuno munthu akafika pa nyumba yoferedwa sabwezedwa. Dzana anafika woledzera wa pamsika uja, tinamupatsa mpando."

"Ndiye kuti simungakane?"

"Sindingakane."

"Aa, ndiye sindingalowe."

A Esnart anamuyang'ana kuyambira ku chipewa mpaka ku nsapato.

"Mwati bwanji?"

"Munthu woti sangakane sanalole, amama. Anatiphunzitsa choncho."

"Ndati lowani!"

"Mwatero chifukwa cha mwambo."

"Nanga mumafuna ndinene chifukwa cha chiyani? Taonani pa mjigo apo. Azimayi aja mukuyesa akutunga madzi? Ndowa zinadzaza kalekale. Mukabwerera pakhomo pano osalowa, dzuwa lisanalowe nkhani ikhala itafika ku Nthalire yoti Esnart wabisa magendo, katundu wakuba wa mwana wake, mpaka wapolisi wamubweza."

"Pamenepo ndiye mukulola chifukwa choopa anthu."

"Enya, ndikuopa."

"Nanga yunifolomuyi ikukuopsani?"

"Enya. Yunifolomu yosaopsa ndi ya kwaya basi."

"Mantha awiri tsopano," anatero Bizwell mwachisoni. Anavula chipewa, n'kuchibisa kumbuyo. "Nanga pano?"

"Eya, mwavula chipewa, munaleredwa bwino. Maliro mwapepesa. Lowani mumwe tiyi."

"Tiyi ndi chipikisheni n'zosiyana."

"Imwani kaye, museche mimba ili yotentha."

"Ndikalowa ngati mlendo kenako n'kuyamba kusuzumira pansi pa bedi, ku khoti akanena kuti ndinakupusitsani."

"Ndikakuikirani umboni ndine."

"Woti chiyani?"

"Woti munthu ngati inu simungapusitse ngakhale nkhuku."

A Esnart anamugwira dzanja n'kuyamba kumukoka. Bizwell anakakamira nsanamira ya khonde.

"Amama! Tsopano mukundikakamiza ndinu!"

"Lamulo lanulo likuletsa zimenezi?"

"Izi zokha sanatiphunzitse."

Anasiyana onse akupuma mwawefuwefu. Pa mjigo mpope unali utasiya kulira.

"Tichite chonchi," anatero Bizwell, akukonza kolala. "Mundikanize kamodzi kokha, ndione kuti mumatha. Mukatero ndikufunsaninso, inu muvomere, ine ndilowe."

"Ndikukanizeni inu, mwana wa munthu, mwayenda pa fumbi lonseli kuchokera ku Boma?"

"Tangoyesani."

A Esnart anakonza mpango wakuda kumutu, n'kutsokomola.

"Musalowe. Koma pepani."

"Musapepese."

"Musalowe, ngati simukudandaula."

"Ayi, amama, mwamphamvu."

"Musalowe, dada, koma mpando uli apo."

Bizwell anagwira mutu.

"Chabwino, ndikuthandizeni. Tangoganizani zimene ndikachite m'katimo. Bedi ndikalitembenuza."

"Tembenuzani."

"Bulangete ndikalikutumula, pilo ndikamufinya, matiresi ndikawang'amba ndi mpeni."



"Pa matiresi pakadali polowa m'kati, pamene ankagona," anatero a Esnart motsitsa mawu. "Tsiku la ngozi lija anadzuka mochedwa, sanayale. Ndinamukalipira."

"Ndiye pamenepo ndi poyambira. Ndikatero ndikapisa m'matumba a zovala zonse. Ali ndi jekete?"

"Lili pa msomali. Likadali kununkha petulo."

"Ndikalitembenuza kunja m'kati, ndikasosola ulusi wa m'mphepete. Akuba amabisa m'menemo."

"Ndani?"

"Akuba, amama. Ndikungonena mmene..."

"Choka!" Mawu anamveka mpaka pa mjigo. "Choka pakhomo panga, iwe! Jekete la mwana wanga usaligwire ndi zala zakozo! Fumapo!"

Bizwell anawomba m'manja, nkhope ili mwee.

"Ndi zimenezotu! Mwaona? Mumatha! Tsopano zonse zili m'malo mwake." Anavala chipewa, n'kuima njo. "Mayi Esnart, kodi mukundilola, mwa kufuna kwanu, popanda wokukakamizani, kuti ndilowe ndichite chipikisheni?"

A Esnart anacheukira chitseko cha chipinda chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Yayi, musalowe."

"Zoyeserera zatha, amama. Pano ndi pamene mukuvomera."

"Ndamva. Yayi."

"Nanga dzina la mwana wanu? Nanga azimayi aja?"

"Anene. Pakamwa ndi pawo."

"Koma ine abwana ndikawauza chiyani? Mmene ndimafika paja munalola!"

"Paja sindinkadziwa kuti chitseko ndi changa." Anakhala pa mpando, pakati penipeni pa khomo, n'kuyala chitenje pamaondo. "M'nyumba muno imfa inalowa osaodira. Abale analowa n'kuyamba kuloza njinga. Mabodza alowa mpaka kuchipinda. Inu nokha, mwana wanga, ndi amene mwandifunsa."

"Ndiye mundilole, poti ndafunsa mwaulemu."

"Ndiye ndikanize ndani? Enawo sanandipatse mpata."