Malemu Antonio Akadali pa Ntchito

Pa famu ya fodya ku Tengwe, tsiku limene masamba m'balani anasanduka achikasu n'kufuna kuti moto uwonjezedwe, foromani a Bauleni anapeza kuti makina owongolera kutentha awakana kwamtuwagalu. Wowatsekera sanali wina koma Tadala, mwana wa mlongo wawo, amene kampani inamutuma kuchokera ku Harare kudzaika lamulo limodzi lolowera m'makompyuta a mafamu ake onse, ndipo mwanayo anangokhala phee pa thumba la malasha, laputopu ili pamiyendo.

"Muzukuru, mwana wa mlongo wanga, tsegula," anatero a Bauleni. "Fodya uyu akafika masana moto usanakwere, ada bii. Akada, ine basa latha, andichotsa ntchito."

"Lowani ndi dzina lanu, a malume."

"Ndalowa ndi la masiku onse. Antonio."

"A Antonio anamwalira chaka chatha."

"Zikomo pondiuza. Ine ndimayesa kuti tinakwirira mtolo wa nkhuni."

Tadala anayang'ana pa laputopu. Mwanayu akamva chipongwe amachiyesa lipoti. "Malinga ndi makinawa, a Antonio anagwira ntchito ngakhale pa tsiku la maliro awo. Dzulo anawonjezera moto m'mabalani awiri nthawi imodzi."

"Anali munthu wakhama."

"Ndawatseka."

"Watseka malemu?" A Bauleni anavula chipewa. Zinawawawa ndithu, chifukwa Antonio anali mnzawo wa pa mtima. "Ukudziwa kuti foromani akafa pa komboni pano, wolowa m'malo amatenga zonse? Ndinatenga njinga, ndinatenga jombo, ndinatenga dzina. Akuluakulu anachitira umboni."

"Anasaina pati?"

"Pa mowa."

"Makina salandira zimenezo. Ndiponso nambala yachinsinsi ya a Antonio ndaipeza italembedwa ndi khala pa khoma la balani."

"Nanga tikanailemba kuti, m'madzi? Anthu amaiwala."

"Ndiye kuti si yachinsinsi."

"Ndi chinsinsi cha komboni yonse. Wakunja ndani anaimvapo?"

"Ine ndaiwerenga ndikutsika basi."

A Bauleni anasuzumira pa kawindo ka balani. Masamba anali atayamba kuoneka madontho m'mphepete. Koma munthu wamkulu sapempha mwana amene anamubereka kumsana.

"Mvetserani, a malume," anatero Tadala. "Mapulogalamu a kampani amakhala m'makontena, ndiye kuti timabokosi ta m'kompyuta, aliyense m'kake. La mabalani palokha, la mathirakitala palokha, la madzi palokha. Munthu amalowa ndi dzina lake, chala chake, m'malo a ntchito yake basi. Ikani chala apa, ndikutsegulirani mabalani a Tengwe pompano."

"Chala? Ngati mbava ku polisi?"

"Mbava amaidinda zala zonse. Inu chimodzi."

"Ha, ulemu waukulu. Ndikayimbe nyimbo ku tchalitchi Lamulungu." Anabisa manja m'matumba. "Ine sindikufuna kakhomo kamodzi ngati nkhuku. Antonio ankatsegula paliponse. Madzi, mathirakitala, geti, zonse."

"N'chifukwa chake mwezi watha malemu anathirira munda wa chimanga mvula ikugwa."

"Amenewo anali ana a Selestina wa pa komboni pano akusewera. Usanamizire akufa."

"Sindikuwanamizira. Dzina ndi lawo."

"Iwe, sukulu yako ndinalipira ine kapena makina?"

"Inu."

"Ndiye wamkulu ndani?"

"Kunyumba ndi inu. Muno ndinu foromani, ndipo foromani amatsegula mabalani a famu yake."

"Zvakaoma, zavuta ndithu," anausa moyo a Bauleni. Anawerama mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda laputopu. "Ndikulankhula ngati mwini mbumba. Foromani atsegule zonse. Lemba."

Tadala anaganiza pang'ono, anayang'ana balani, kenaka anagwedeza mutu. "Chabwino. Fodya asawonongeke. Ndikhoza kusintha lamulolo, bwana ndikamufotokozera pambuyo." Zala zake zinayamba kuthamanga. "Foromani atsegule zonse."

A Bauleni anayamba kuvala chipewa, chifuwa chili patsogolo. "Waona? Magazi ndi magazi."

"Kungoti lamulo ndi limodzi pa mafamu onse. Ndikadina apa, foromani wa ku Goromonzi atsegula zonse. Wa ku Wedza nayenso."

Chipewa chinaima pa theka la mutu. "Ku Wedza foromani ndani tsopano?"

"A Nobert."

"Nobert wake uti? Amene anawotcha balani lathunthu akuwotcha mbatata?"

"Sindinaone lipoti la mbatata."

"Ndiye Nobert, ali ku Wedza, mbale ya sadza pamiyendo, akhoza kugwira moto wa m'balani langa?"

"Pa foni yawo. Ngakhale ali mu kombi pa ulendo."

"Mutsekere iye yekha."

"Sizitheka. Ndi foromani ngati inu."

"Ngati ine? Taona mwano wa mwanayu." A Bauleni anazungulira thumba la malasha. "Uwauze makinawo kuti Nobert ndi chitsiru."

"Palibe malo olembapo zimenezo. Ndidine?"

"Usayerekeze!" Anagwira dzanja la Tadala m'mwamba. Kenaka anatulutsa chala chawo chachikulu, n'kuchipukuta bwinobwino pa malaya, n'kuchikanikiza pa kagalasi ngati akupha nsikidzi. Makina analira pang'ono, mafani a m'balani anayamba kuzungulira, ndipo moto unakwera.

"Mabalani a Tengwe okha," anatero Tadala. "Bauleni, foromani."

A Bauleni anaima kaye kumvetsera mafaniwo mpaka mtima unakhala pansi. Kenaka anatembenuka, nkhope ili gwa.

"Koma muzukuru, ndikudandaula nawe. Kampani yakupatsa makiyi a mafamu onse, iwe n'kufuna kutsegulira munthu chifukwa choti ndi malume ako? Bwana wako ndikamuuza ndekha."