Azamba Amene Anawomba M'manja M'Nyumba ya Malamulo

Abusa, aphungu anzanga, abale ndi alongo nonse amene mwabwera kudzaperekeza mayi athu: malemu agona apawa tonse tinkawadziwa kuti Azamba. Dzinali linawamatirira moti tsiku lina Sipikala weniweni anaiwala kuwaitana ndi dera lawo, n'kungoti Azamba alankhule. Ine ndikuwerenga mbiriyi ndi amene ndinawalanda mpando wa uphungu. Musadabwe kuti banja lasankha ine. Analamula ndi malemu omwe, ati popeza ndimakonda kulankhula, ndidzalankhule tsiku limene iwo sangandidule mawu.

Anabadwa mu 1951 m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya sitima, achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo awo ankaimitsa sitima ndi mbendera, ndipo wotchi sinkachoka pamkono pawo. Mwana wamkaziyu anatengera komweko, kuchedwa ankakuona ngati kuba. Pulayimale anaphunzira pafupi ndi siteshonipo, sekondale anapita yogonera, kenako anachita maphunziro a uzamba n'kumaliza mu 1974.

Mu 1976 anamanga banja ndi aphunzitsi a masamu, bambo ofatsa amene ankaseka kuti mkazi wawo amangomubwereka ku chipatala. Mulungu anawapatsa ana anayi. Bambowo anatsogola mu 2009.

Zaka zoposa makumi awiri malemu anagwira ntchito m'chipinda cha makanda obadwa masiku asanakwane, momwe munali timabedi tagalasi tisanu ndi kamodzi. M'menemo ndi momwe anaona chinthu chimene chinawasowetsa mtendere. Tchuthi cha mayi wobereka chinkatha mwana akadali m'galasi, ndipo mayi ankayenera kusankha pakati pa ntchito ndi khanda. Mayi wina wosoka zovala ku fakitale ankafinyira mkaka m'kapu n'kuthamangira ku ntchito, koma anamuchotsabe. Azamba anakadandaula kwa phungu wa nthawiyo, iye n'kuwauza kuti ndi lamulo, palibe chimene angachite. Iwo anangofunsa kuti, nanga malamulowo amapanga ndani? Pachisankho chotsatira anaima, ndipo anapambana.

Ku Nyumba ya Malamulo anaphunzira msanga kuti uphungu si kunyamula odwala pagalimoto kokha. Phungu amafunsa nduna mafunso, amaunika mmene boma likuyendetsera zinthu, amapanga malamulo. Analemba bilu yonena kuti tchuthi cha mayi chiziyamba kuwerengedwa tsiku limene khanda latuluka m'chipatala. Koma bilu ya phungu wamba ndi mwana wamasiye, imapatsidwa masana amodzi okha pa sabata, ndipo iyenera kuwerengedwa katatu, n'kudutsanso ku komiti.

Ulendo woyamba, mkangano uli mkati, wina anaimirira kuti aphungu sanakwane m'Nyumbamo. Belu linalira, koma olemekezeka anali pa tiyi. Atawerenga anapeza kuti aperewera awiri, biluyo n'kugwa. Kuyambira pamenepo, masana a bilu yawo Azamba ankaima pakhomo la chipinda cha tiyi, wotchi m'manja, n'kumati tiyi sathawa, alemekezeke, kaloweni. Ndi nduna zomwe zinkasiya makapu theka. Ulendo wachiwiri biluyo inadutsa mpaka ku komiti, koma Nyumba inatsekedwa chifukwa cha chisankho, ndipo bilu yosamalizidwa imafera pomwepo.

Chisankho chimenecho ndi chomwe ndinawagonjetsa ine. Ndivomere pamaso panu kuti pamisonkhano ndinkawanyoza kuti atha zaka khumi akubereketsa bilu imodzi. Patatha masiku atatu zotsatira zitatuluka, ndinawaona akulowa pampanda panga atanyamula failo yomangidwa ndi bandeji. Ndinaganiza kuti kwabwera mkangano. Iwo anaika failoyo patebulo n'kunena kuti mpando mwatenga, mwana wanga, tengani ndi khandali, silinakwane masiku koma likupuma. Ndinachita manyazi ngati mwana wopezeka ndi dzanja mu shuga.

Chipani changa sichinkaifuna biluyo, popeza inali ya mdani. Koma mukuwadziwa malemu. Lolemba lililonse foni inkalira seveni koloko yeniyeni, kufunsa kuti khanda lagona bwanji. Zaka zitatu ndinayenda nalo, mpaka linafika powerengedwa kachitatu.

Tsikulo malemu anakhala m'mwamba, pamalo a alendo, pomwe munthu saloledwa kulankhula kapena kuwomba m'manja. Lamulo limeneli ankalidziwa kuposa tonse. Belu litalira zitseko zinatsekedwa, mayina anaitanidwa mmodzimmodzi, ndipo chipinda cha tiyi chinali mbee, chifukwa Azamba anali atadzerako kale. Sipikala atalengeza kuti biluyo yadutsa ndi kusiyana kwa mavoti anayi, kunamveka manja a munthu mmodzi kumwamba kuja. Anali Azamba, ataimirira, misozi ili mbwembwembwe, kumwetulira kuli mpaka m'makutu. Sipikala analamula kuti mlendoyo atulutsidwe. Mkulu wa chitetezo anakwera n'kuwauza kuti amayi, lamulo ndi lamulo, tiyeni tituluke, koma tiyende pang'onopang'ono. Ndiye anayendadi pang'onopang'ono, iwo akuwombabe m'manja mpaka pakhomo. Chilowereni m'Nyumba imeneyo sindinasangalalepo ngati tsiku limenelo.

Ku mpingo anali a kwaya komanso aphunzitsi a Sande sukulu. Oyang'anira tchalitchi akuti nthawi zambiri ankawapeza atakhala kale pakhonde kudikira makiyi.

Chaka chatha mtima unayamba kuwavuta. Anagonekedwa kawiri pachipatala chomwe anagwirapo ntchito, ndipo anamwino akuti odwalayu ndi amene ankawakumbutsa nthawi ya mankhwala. Ulendo womalizawu anapempha kuti awayendetse pa njinga ya odwala mpaka kuchipinda cha makanda. Anapeza amayi atatu atakhala pambali pa timabedi tagalasi, opanda woyang'ana wotchi kuti athamangire ku ntchito. Pobwerera anauza mwana wawo wamkulu kuti basi, ndaona. Anatisiya Lolemba m'mawa ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi.

Asiya ana aakazi atatu ndi wamwamuna mmodzi, apongozi atatu, zidzukulu zisanu ndi zinayi, mlongo wawo mmodzi, ang'ono awo awiri, ndi ine amene anandisandutsa mwana nditawalanda mpando.

Tsiku lija anawomba m'manja okha, ife aphungu titangokhala chete chifukwa cha mwambo wa Nyumba. Pano palibe Sipikala, palibe wotitulutsa. Abusa andilola, ndiye ndikupemphani nonse muimirire tiwabwezere manja awo. Azamba, ntchito mwaimaliza pa nthawi yake, pumulani mu mtendere.